Amayi, Ndikufunafuna Bambo Anu Levi

Amayi anga,

Kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ndikhulupirira miyendo ija inasiya kutupa. Ife kuno ku London tilipo, koma mtima wanga suli m'malo, n'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndikulembereni. Ndiyamba ndi za kumudzi, poti mukanakhala pafupi mukanandidula pakamwa n'kufunsa zimenezo.

Akazi awo a achimwene a Binwell anachira, mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu, Agnesi. Ndamuona pa foni. Ndi woyera ngati inu, tsitsi lake n'lofewa, moti anthu ayamba kale kumunena kuti kamzungu ka pa Thyolo kabweranso. Chimanga sichinachite bwino chifukwa mvula inadula chikungomasula kumene, koma nandolo wabereka. Mtengo wanu wa mapeyala unagwera khitchini tsiku la mphepo. Palibe anavulala, kungoti achimwene akuphikira panja mpaka pano, akuti adzafolera akapeza mpata, ndipo mpata wa achimwene mukuudziwa.

Tsono za kuno. Kampani yosamalira okalamba ija, imene inandibweretsa kuno, boma lailanda chilolezo cholemba ntchito anthu ochokera kunja. Tonse amene viza yathu inali m'manja mwa kampaniyo tauzidwa kuti tipeze ina yotitenga, apo ayi tichoke m'dziko muno. Ndayenda, amayi. Ndafika ku Tottenham, ndafika mpaka kunja kwa London kumene basi imathera. Kulikonse akumandilandira bwino, n'kundipatsa tiyi, kenako akuti sakutenganso anthu ofuna viza. Nthawi imene anandipatsa yatsala pang'ono kutha.

Ndikanakhala ndekha ndikanangomanga katundu n'kubwerera. Kumudzi si kundende. Koma pali Tiyamike. Mdzukulu wanu wakula, akundiposa kutalika, ndikamulankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi. Matenda a magazi aja, a sikoselo, sanamusiye, koma kuno amamusintha magazi mwezi uliwonse, ndipo chiyambireni zimenezi akupita ku sukulu ngati anzake. Dokotala wake anandiuza mosabisa kuti akadzalumpha miyezi ingapo, mtsempha wa m'mutu ukhoza kutsekeka. Sindikufunika kukufotokozerani zambiri. Ndinu amene munafungata mlongo wake Dalitso pa benchi ya chipatala cha boma tsiku lonse, tikudikira magazi amene sanabwere. Mwana mmodzi ndinamutaya kale choncho, amayi. Wachiwiriyu sindingathe.

Ku tchalitchi chathu ku Peckham kuli mayi wina wa ku Zambia, mayi Mwanza, amene ndi loya ndipo amathandiza anthu pa nkhani za viza mapemphero akatha. Ataona mapepala anga anapukusa mutu, kenako anafunsa ngati mongocheza, "Imwe, mulibe ba ambuya bamene banabadwila kuno ku England?" Ndinaseka. Kuseka kuja kusanathe ndinakumbukira bambo anu. Ndinati, "Alipo. Bambo awo a mayi anga." Anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Anandifotokozera kuti munthu wochokera m'mayiko ngati kwathu, ngati agogo ake anabadwira kuno, akhoza kupatsidwa viza yakeyake yosadalira kampani iliyonse, pamodzi ndi mwana wake. Chofunika ndi setifiketi yosonyeza kuti agogowo anabadwira kunodi, komanso umboni woti inu ndinu mwana wawo.

Ndiye mwezi wonsewu ndakhala ndikusakasaka bambo anu.

Zimene ndikudziwa za iwo ndi zochepa, poti inu simunkafuna kuwatchula. Ndikakufunsani munkati, "Anali mzungu wosauka, anamwalira ine ndili wamng'ono, nkhani yathera pomwepo." Zotsalazo ndinkazitola kwa mayi anu, agogo aNachisale, tikamasenda chinangwa. Dzina lawo linali Levi Lee, anthu a pa esiteti ya tiyi ankangoti a Levi a mahatchi. Anabwera ndi asilikali, nkhondo itatha sanabwerere kwawo, anapeza ntchito yosamalira mahatchi a bwana wamkulu ndi kuwakhomera zitsulo ku mapazi. Ankadziwanso kuwotcherera mapoto obooka. Khungu lawo linali loderapo kusiyana ndi azungu anzawo, ndipo azunguwo sankawalola kulowa mu kalabu yawo, ankawatcha Jipisi. Ankadya ndi anthu othyola tiyi. M'nyumba sankagonamo nthawi yotentha, ankati makoma amawapanikiza. Atadwala malungo n'kuona kuti sachira, anauza agogo kuti akadzamwalira adzatenthe zinthu zawo zonse. Agogo anamvera. Zovala, bokosi, zithunzi, mapepala onse a usilikali, zonse zinapita pa moto kuseri kwa nyumba.

Amayi, m'bokosi limenelo mwina munali chinthu chimene chikanapulumutsa Tiyamike lero.

Ndinayamba ndi laibulale ya kuno, kumene amalola munthu kufufuza mabuku akale a kalembera pa kompyuta. Ndinkaganiza kuti ndikangolemba dzinalo atuluka munthu mmodzi. Anatuluka a Levi Lee ambirimbiri, wina wa ku Kent, wina wa ku Essex, wina wa ku Surrey, onse a msinkhu wofanana. Mayi wina wogwira ntchito pamenepo anandiona ndagwira mutu, n'kubwera kudzakhala pambali panga. Nditamufotokozera anati dzina limenelo ndi lofala pakati pa Aromani, anthu amene kale ankayendayenda ndi ngolo zokokedwa ndi mahatchi, amene ena amawatcha Majipisi. Anandionetsa mmene ankawalembera. Pamalo polemba mudzi kapena msewu, pamangolembedwa kuti m'hema, kapena m'ngolo pa dambo. Pamalo pa ntchito ya bambo, wogulitsa mapegi oyanikira zovala, wonola mipeni, wogulitsa mahatchi. Anandichenjezanso kuti ambiri sankalembetsa ana awo ku boma. Ena ankasintha dzina akafika dera lina poopa apolisi. Munthu yemweyo pa kalembera wina ali Lee, pa wotsatira ali Smith, zaka zakenso zasintha.

Ndinapita mpaka ku Kent, ku nyumba yosungira mabuku akale a matchalitchi. Amakupatsa kapilo koikapo buku ndipo cholembera cha inki salola. Ndinakhala tsiku lonse ndikutsatira mayina ndi chala mpaka maso kuwawa. Ndinapezamo Levi mmodzi wobatizidwa nthawi yokolola, makolo ake atalembedwa kuti oyendayenda, opanda pokhala. Ndinamujambula pa foni. Koma mayi Mwanza ataona anati buku la ubatizo palokha si setifiketi, komanso palibe chosonyeza kuti Levi ameneyu ndi amene anafika ku Thyolo. Tinaitanitsa masetifiketi awiri a a Levi ena. Wina anamwalira ali khanda. Winayo anakalambira konkuno, ali ndi zidzukulu zake.

Mukudziwa chimene chikundipweteka? Kuno ku Thamesmead kuli mahatchi. Amawamangirira m'mbali mwa msewu ndi m'mabwalo a udzu pakati pa mafulati, mahatchi onenepa a mawanga, a ubweya wambiri m'miyendo. Chibwerereni ndakhala ndikuwadutsa pa basi popita ku ntchito, osaganizapo kanthu. Mayi wa ku laibulale uja ndi amene anandiuza kuti pamene pali mafulati athuwa kale linali dambo, ndipo Aromani ambiri ankakhala pomwepa m'ngolo ndi m'tizisakasa mpaka madzi osefukira ndi boma zinawabalalitsa. Eni mahatchiwo ndi zidzukulu zawo. Anati, "Mabuku akakukanikani, pitani mukafunse anthu. Iwo amasunga mayina pamtima. Koma musayembekezere kuti akulandirani msanga."

Ndinapita kwa eni mahatchiwo Loweruka masana. Ndi malo otchingidwa ndi mpanda kuseri kwa msewu waukulu, muli makalavani, nyumba zokokedwa ndi galimoto, komanso tinyumba taukhondo kwambiri, moti ndinachita manyazi ndi nsapato zanga. Pa geti ndinakumana ndi bambo wina wamkulu thupi, dzina lake Tommy, akutsuka galimoto. Anandifunsa ngati ndachokera ku khonsolo. Nditakana, anafunsa ngati ndine mtolankhani. Ndinati ndine wosamalira okalamba, ndikufuna abale a agogo anga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ine wakuda bii ngati bambo anga, n'kuseka. "Abale anu muno? Mwasokera, mayi."

Ndinali nditatembenuka kale pamene mawu anachokera pa zenera la kalavani, kufunsa kuti agogowo dzina lawo ndani. Anali amayi ake a Tommy, agogo Phoebe, okalamba kwambiri, ndolo zagolide m'makutu, akupumira mu kachubu ka mpweya. Nditatchula dzina anati a Levi Lee ndi ambiri ngati mpheta. Komabe anati ndilowe.

Anandikhazika pansi n'kumandifunsa mafunso, nkhope ili gwa. Ndinanena za mahatchi, anati aliyense akhoza kunena zimenezo. Ndinanena za kalabu ya azungu, anangogwedeza phewa. Atafunsa chifukwa chimene ndilibe ngakhale chithunzi, ndinafotokoza za moto uja, ndikudandaula kuti agogo aNachisale anachita zinthu mosaganiza. Apo nkhope yawo inasintha. Anafunsa kuti anatentha zonse, ndi zofunda zomwe? Ndinati zonse. Nanga makapu ndi mbale zawo? Ndinakumbuka kuti agogo ankati anaziphwanya n'kuzikwirira, monga mwini wake ananenera. Agogo Phoebe anati, "Mkazi ameneyo anachita bwino. Anamuika m'manda ngati mmodzi wa ife. Munthu akamwalira zinthu zake zimamutsatira, apo ayi sapuma."

Amayi, ine ndinkayesa kuti agogo aNachisale anachita zimenezo chifukwa cha umbuli. Kodi inu munkadziwa kuti unali mwambo wa kwawo kwa bambo anu? Kapena nanunso munkangoona ngati misala ya mzungu wodwala?

Agogo Phoebe anandiuza kuti bambo awo anali ndi mng'ono wawo dzina lake Levi, amene anapita ku nkhondo kukayang'anira nyulu za asilikali ndipo sanabwerenso. Ena ankati anafera pa nyanja, ena ankati ali ku Africa ndipo ali ndi mkazi kumeneko. Mayi ake anamudikira mpaka imfa. Agogo Phoebe sakumukumbuka nkhope, anali kamwana. Ndinafunsa ngati analembetsedwa ku boma atabadwa. Anati ngati analembetsedwa, ndiye kuti ndi pa dzina la mayi ake, poti makolo ake sanakwatirane ku tchalitchi. Ndinatulutsa cholembera n'kufunsa dzinalo. Anati Smith. Ndinatsala pang'ono kulira pomwepo. Kuno dzina la Smith lili ngati Banda kapena Phiri kwathu.

Nditawauza mayi Mwanza anati nkhani ya pakamwa boma silimva. Koma anati ngati gogoyo angalole kuyezedwa malovu pamodzi ndi ine, n'kupezeka kuti ndife a magazi amodzi, ukhoza kukhala umboni wothandiza, makamaka poti inu munalibe setifiketi yotchula bambo anu. Sanandilonjeze kanthu. Anangoti n'chokhacho chimene chatsala, uku tikufufuza Levi Smith wobadwira m'hema.

Ndinagula timabotolo tiwiri toyezera n'kubwerera kwa agogo Phoebe. Mwina ndinafulumira. Ndinangofika n'kutulutsa kabotolo ndi pepala losainira pa tebulo lawo, Tommy ali pomwepo. Bamboyo anayaka moto. Anati ankadziwa kuti pali chimene ndikufuna. Anati anthu a kwawo akhala akulembedwa m'mabuku a boma kuyambira kale, ndipo nthawi zonse mapeto ake amakhala kuthamangitsidwa kapena kulandidwa ana. Anati magazi a mayi ake sapita mu kompyuta ya munthu aliyense. Ndinayesa kufotokoza za Tiyamike koma sanandilole kumaliza. Ndinagwada, amayi, pa kapeti ya eni ake, monga timachitira kwathu. Iye sanamvetse, anangoti ndidzuke ndizipita. Agogo Phoebe ankangoyang'ana pa zenera. Potuluka ndinasiya kapepala ka adiresi yanga pa mpando, osadziwa kuti ndikusiyiranji.

Sindinamukwiyire Tommy. Nanenso munthu wachilendo atabwera kudzapempha malovu anu muli moyo, ndikanamuthamangitsa ndi chikuni.

Masiku otsatira anali oipa. Kunazizira mwadzidzidzi, Tiyamike n'kuyamba kumva kuphwanya m'mafupa. Sizinafike pogonekedwa m'chipatala, koma anakhala pa bedi akulumira pilo kuti ndisamve kubuula kwake. Tsiku lina anandifunsa ngati n'zoona kuti tikubwerera ku Malawi. Ndinati sindikudziwa. Anati, "Mami, Dalitso anali ndi zaka zingati?" Ndinamuuza. Anawerengera n'kuona kuti iye wamupitirira kale. Pali china chimene sindinamuuze. Mayi Mwanza akuti viza ya agogoyi sipemphedwa munthu ali kuno. Ngakhale mapepala onse atapezeka, tiyenera kubwerera kumudzi, ine ndi mwana, kukaipempha kumeneko n'kudikira yankho. Likachedwa, mwezi wosintha magazi udutsa. Akakana, ndiye kuti basi, chitseko chatsekeka tili kunja.

Inu munkakonda kunena kuti, "Felisita, ukalira uzilira manja akugwira ntchito." Ndikuyesa. M'mawa ndimapempha ntchito, masana ndili ku laibulale pakati pa a Levi Smith. Koma ndatopa, amayi, ndipo ndili ndi mantha amene sindinakhalepo nawo chimwalirireni Dalitso.

Dzulo masana belu la pakhomo linalira. Nditatsegula ndinapeza Tommy ali wefuwefu, atanyamula botolo la mpweya, kumbuyo kwake agogo Phoebe atagwira khoma. Lifiti ya pa fulati yathu inafa, ndiye gogoyo anakwera masitepe onse aja ndi mapapo ake otha. Tommy sanandipatse moni. Anangoti, "Andiumiriza."

Agogo Phoebe anati akufuna kuona mwanayo. Ndinawalowetsa ku chipinda. Anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kugwira dzanja la Tiyamike, kulitembenuza uku ndi uku, n'kumufunsa pamene pakupweteka. Tiyamike anawaonetsa. Anakhala choncho kanthawi, akumusisita bondo. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Bweretsa kabotolo kako kaja." Tommy anayamba kulankhula, iwo anangokweza chala, iye n'kukhala chete. Kudzaza kabotolo kaja kunawatengera nthawi chifukwa kukamwa kwawo n'kouma. Posaina anajambula kamtanda, poti sukulu sanapiteko.

Ndinayamba kuthokoza, koma anandiletsa. Anati sakudziwa ngati Levi wanga ndi Levi wawo, ndipo zimene makina anene si nkhani yawo. Anati ali ndi funso limodzi lokha. "Anagona pati? Pali mwala? Alipo amene amapitako kukaikapo maluwa?"

Amayi, mwezi wonse ndakhala ndikufunsa kumene bambo anu anabadwira, koma kumene anaikidwa sindikudziwa. Ndinawaimbira achimwene pomwepo. Akuti anangomva kuti azungu anakana kuwaika m'manda awo, ndiye anthu othyola tiyi anawanyamula n'kukawaika penapake m'mphepete mwa esiteti, pafupi ndi mabulugama. Akuti inu nokha ndi amene munkapadziwa, ndipo munkapitako nokhanokha chaka chilichonse mvula isanayambe, mutanyamula khasu, osauza munthu. Ine ndinkayesa kuti munkapita ku dimba.

Nditawamasulira agogo Phoebe, anatseka maso. Anati kwawo munthu sasiyidwa m'thengo wopanda dzina, ngakhale atapita kutali chotani. Anavula ndolo imodzi n'kundifumbatitsa. Anati ndikakapeza malowo ndikaikwirire pamenepo, ndipo ndikamuuze Levi kuti mayi ake anamudikira. Ndinati nanga zikapezeka kuti si wanu? Anati, "Ndiye kuti ndi wa mayi wina amene anadikiranso. Ukaikebe."

Timabotolo ndatumiza lero m'mawa. Yankho litenga masabata angapo, ndipo sindikudziwa ngati lifike nthawi yanga isanathe. Setifiketi sinapezekebe. Ntchito sinapezekebe. Tiyamike lero wadzuka n'kudya pang'ono, wapempha kuti mawa apite ku sukulu.

Ndiye ndikukupemphani, amayi, poti kumeneko mwina mwakumana nawo bambo anu. Afunseni dzina limene analembedwa nalo. Afunseni mudzi. Ngati pali njira yoti mundiuze, ndiuzeni, ine sindigona tulo tambiri masiku ano, simuvutika kundipeza. Ndipo Dalitso mumugwire dzanja, mumuuze kuti asamuitane msanga mlongo wake.

Kaya zitheka kaya zikanika, kumudzi ndikubwera, poti njira zonse ziwiri zikudzera komweko. Ndikadzafika ndidzayamba kwa inu. Kenako ndidzatenga khasu lanu n'kupita ku mabulugama kuja, ndidzafunsa okalamba onse a pa esiteti mpaka wina adzandilozere. Ndidzalimirapo, ndidzakwirira ndoloyi, ndipo ndidzaikapo mwala wolembedwa kuti Levi, bambo a Agnesi. Dzina lachiwirilo ndidzalisiya mpaka nditalidziwa.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Felisita